Chimene Chinkadya Batire

Amake nesi anali atayanika malaya awiri okha pamene makaniko anatulutsa mutu m'galimoto.

"Mayi, siyani kaye zovalazo. Pali choti muone."

Anatula beseni pansi monyinyirika. Tsikulo linali litayamba kale mokhota. Mapegi anawasaka nyumba yonse, n'kukawapeza m'firiji pambali pa mazira. Ndiye panalinso kagalimoto aka. Milungu itatu yathunthu, m'mawa uliwonse, akapotoza kiyi kankangoti tche tche, kenako zii. Neba anali atatopa kubwera ndi zingwe zake kudzakapatsa moto. Masiku ano ankangoimika galimoto yake pafupi, n'kutsegula boneti, moni osapereka.

"Batire ndi latsopano, lilibe mlandu," anatero makaniko akupukuta m'manja ndi kansanza. "Injini ikalira likudzaza bwinobwino. Izi paja ndinakuuzani dzulo."

"Dzulo simunandiuze kanthu, bambo. Nenani zimene mwapeza, zovala zikundidikira."

Makaniko anawayang'ana pang'ono, osatsutsa. Anafotokoza kuti galimoto ikazimitsidwa imayenera kugona ngati munthu, koma iyi sinkagona. Anali atalumikiza mita yake ku batire n'kumazula mafyuzi imodzi imodzi, koma moto unkapitabe. Apo anadziwa kuti pali wakuba amene sakudzera pakhomo. Anafufuza mpaka anapeza kawaya kofiira kopyapyala, kosakhala ka galimotoyo, n'kukalondola mpaka pansi pa chiwongolero.

"Weramani muone."

Anawerama, msana ukudandaula. Mumdima wa pansipo munali kabokosi kakuda, kofanana ndi ka machesi, komangidwa ndi tepi. Kanyali kake kofiira kankaphethira ngati diso.

"Kameneka kamauza munthu pafoni pamene galimoto ili, nthawi ina iliyonse. Amene anakaika ndi mmisiri wa changu pamalo, anangokalumikiza ku batire mwachindunji. Ndi kamene kakukudyerani moto."

"Kamauza ndani?"

"Funso limenelo ndi lanu, mayi. Ine ndimadziwa mawaya basi."

Amake nesi anadziwongola pang'onopang'ono, dzanja litapita lokha kuseri kwa khutu, pamene mpango unkabisa chipsera. Munthu wofuna kudziwa kumene iwo ali anali mmodzi yekha padziko: bambo a ana. Tsiku limene anamuthawa, ana ali kutsogolo, chikwama chili pamutu, bamboyo anaima pakhomo n'kunena mosakweza mawu kuti, "Ngakhale ulowe pansi, ndidzakufukula." Amake nesi anasamuka kawiri chifukwa cha mawu amenewo. Nambala ya foni anasintha katatu.

Tsopano zinthu zinayamba kulumikizana. Lachiwiri lapitalo anasochera pochokera kumsika, poti misewu masiku ano akungoisintha osauza anthu. Anazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako takisi yoyera inatulukira kumbuyo kwawo, n'kuwamamatira, iwo akakhota nayonso kukhota, mpaka pafupi ndi geti. Tsiku limenelo anangoti ndi mwano wa madalaivala.

"Ndikadule?" anafunsa makaniko, pulayala ili m'manja.

"Ayi. Mukadula adziwa kuti tadziwa."

Anathamangira kugeti, patapata mmodzi n'kutsala m'matope a pampopi. Analoka, n'kugwedeza loko kawiri. Anasuzumira pampata. Mumsewu munali mayi wogulitsa makala, galu atagona, ndi bambo wina wa chipewa ataima pansi pa mtengo, akuyang'ana foni. Sanamuone nkhope. Msinkhu wake unali womwewo wa bambo a ana.

"Mayi, khalani pansi," anatero makaniko. "Mwasanduka phulusa kumaso."

"Inu musatuluke. Akakuonani ayesa ndinu mwamuna wanga, ndipo sakufunsani dzina."

Makaniko anabweza pulayala m'thumba mwakachetechete, n'kusunthira kuseri kwa galimoto.

Foni inali m'thumba la epuloni. Amake nesi analakwitsa kawiri asanapeze nambala ya mwana wawo wachisamba, nesi uja, amene ankakhala naye. Inaitana nthawi yaitali.

"Amayi, ndili ndi odwala. Kwagwanji?"

"Tamvera, usandidule. Bambo ako atipeza. Aika kachipangizo m'galimoto, amadziwa paliponse pamene ndapita. Lachiwiri ananditsata pa takisi, pano aima panja pansi pa mtengo. Ukaweruka usabwere kuno, upite kwa azakhali ako. Ine ndilongedza zofunika zokha."

Kumbuyo kwa mwanayo kunkamveka mawilo a bedi akukwekwesa pansi.

"Wandimva iwe?"

"Ndamva, amayi." Mawu ake anali otsika, aja amalankhulira ndi odwala. "Pa takisi paja ndinali ine. Kabokosiko tinakaikitsa limodzi, munachita kundipempha nokha, mutasochera ulendo woyamba uja. Ndipo bambo tinawaika m'manda chaka chatha. Nkhata munaika ndinu."

Amake nesi anatsitsa foni, mwanayo akuitanabe. Anabwerera kuchingwe ndi patapata mmodzi, natola siketi m'beseni, naikung'untha, naiponya pachingwe. Kenako anaima, maso akusakasaka mapegi pansi, mapegiwo ali m'dzanja lawo lamanzere.