Mapontu a Timu ya Lifidzi

Khofi lachiwiri linagwetsa magalasi a Custódio, yemwe ankadzitcha injiniya chifukwa ndiye anakonza tsamba la pa intaneti la ligi ya mpira ya ku Domwe. Benedito, goloboyi wa timu ya Lifidzi, anali atamupinda manja kumbuyo kuti aphunzitsi a timuyo, a Policarpo, amenye mosavutikira.

"Mapontu 31, achimwene! Palibe wotiposa! Ndiye ku fainolo ku Ulongwe mukutumizako ena?" anakuwa a Policarpo, akumukhomera foni pamphuno yochucha magazi. "Ife mbuzi tinapha kale!"

Custódio anayang'anitsitsa. Pa kompyuta yake tabela yoonetsa matimu ndi mapontu awo inkaoneka yonse bwinobwino. Koma pa foni yakale ya a Policarpo, danga la mayina a matimu linali litatambasuka ngati mnansi wolima mopyola malire, mpaka kukankhira danga lomaliza kunja.

"Ndimasuleni dzanja limodzi lokha, akuluakulu," anatero atalavula chibenthu cha dzino.

Atamumasula, anapatsa danga lililonse muyeso wake pa kompyutapo. "Tsegulaninso."

Kumapeto kunatulukira danga lomwe a Policarpo anali asanalionepo. Mapontu a Lifidzi anali anayi.

"Nanga 31 uja?"

"Ndi zigoli zomwe anakumwetsani, bambo."

A Policarpo anatembenuka pang'onopang'ono, chibakera chili chikungire. Benedito, yemwe chaka chonse anali asanagwirepo kanthu molimba ngati mkono wa Custódio, anautaya nawonso, n'kuyamba kuyeza mtunda wokafika pakhomo.