Boma Lamvera a Telala

"Lamva! Boma lamva!" anakuwa telala akuvina pakati pa shopu, tepi ili m'khosi.

Wailesi inali itangolengeza kuti boma lavomera malangizo a khonsolo ya zachuma ndi umoyo wa anthu, oti kaunjika asamalowenso m'dziko. Amene anapita ndi ganizolo kukhonsoloko anali telalayo, poimira amisiri anzake.

"Mayi a mwana, nduna yanena mawu anga enieni!" Ananyamula mkazi wake juu, mapini n'kumwazika pansi. "Anthu azisoketsa zatsopano. Ndigula makina ena, ndilemba antchito. Inu muzingoloza ndi chala!"

"Nditsitseni, bwana mlangizi," anatero mkaziyo, akuseka mpaka misozi. "Kwabwera kasitomala."

Pakhomo panaima mphunzitsi, jekete lalikulu lili pamkono.

"Mundichepetsereko ili, a telala. Ndaligula pa kaunjika."

"Ikani pamulupo," anayankha telala akupuma wefuwefu.

Kenako anauyang'anitsitsa muluwo: mathalauza ofunika kufupikitsa, madiresi oti abweze m'chiuno, masiketi oduka zipi, zonse za pa kaunjika. Anapendapenda mpaka pansi, kufunafuna nsalu yatsopano ngakhale imodzi. Munalibe.

"Mayi a mwana," ananong'ona, "kodi ati lamuloli liyamba liti?"