Mboni ya a Myklebust

Khofi anali atazizira kale pamene mayi Oddny Brekke, mkulu wa koleji, anafika pa nkhani yomaliza ya msonkhano wa komiti.

"Mwachidule, a Sverre. Anzathuwa sitima yawo siidikira munthu."

A Sverre Myklebust ankaphunzitsa sayansi. Ophunzira awo mazana atatu anali omwazikana m'zilumba ndi m'mapiri, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo nkhope. Labotale yawo inali pa intaneti. Zaka ziwiri anazithera pokonza zithunzi zoyenda: asidi akudonthera m'botolo, madzi akusanduka ofiira. Tsopano komiti inkafuna kugamula ngati ntchitoyo ipitirire kapena ithere pa Khirisimasi.

A Myklebust anaimirira. Chithunzi, iwo anatero, chimaphunzitsa kuposa pakamwa pa munthu. Vuto linali limodzi lokha: zithunzizo zinkachedwa kutseguka, moti iwo ankangobwebweta pozidikira, n'cholinga choti ophunzira asagone. Chaka chamawa zizidzatseguka pompopompo, ndipo mawu awo adzachotsedwamo onse.

"Umboni ulipo?" anafunsa mayi Brekke.

Unalipo. Solfrid Hauan wa ku chilumba cha Senja, mayi wa ana awiri, analowa kalasiyo atalepherapo sayansi kawiri kwina. Teremu ino anaposa aliyense. A Myklebust anali atamupempha kuti alankhule ndi komiti pafoni. Anaika foniyo pakati pa tebulo n'kukweza mawu.

"Mukutimva, a Solfrid?"

"Ndikukumvani. Liwu lanulo ndingalizindikire ngakhale kutulo."

Wina anaseka pang'ono. A Myklebust anakonza kolala. Mtima unali utakhala m'malo.

"Auzeni akuluakuluwa mmene labotaleyi yakuthandizirani."

"Popanda iyo bwenzi nditasiya sukulu. Phunziro lililonse ndimalibwereza katatu."

Mayi Brekke anagwedeza mutu, cholembera chikuyenda.

"Ndipo mwa zithunzi zonse, chakuthandizani kwambiri n'chiti?" anafunsa mayi Brekke.

"Cha asidi chija. Chochedwetsetsa chija."

"Chimenecho musadandaule nacho," anatero a Myklebust akuyang'ana komiti mmodzimmodzi. "Ndachikonza sabata yathayi."



"Ndiye mwandipha, aphunzitsi. Ine sindiona chibadwire. Chithunzi chikachedwa m'pamene inu mumafotokoza zomwe zichitike."

Mayi Brekke anamaliza kulemba, natseka buku lawo.

"Ntchito ipitirire," anatero. "Koma pofika Lolemba mukhale mutachiwononganso."