Ayende Kapena Agone

"Adzutseni bambowa ayende, amwenso tiyi. Masiku ano wopangidwa opaleshoni ya kapamba sitimugoneka ngati chipika," dokotala wachinyamata anauza mayi amene ankadikirira amuna ake m'chipatala.

Mayiyo anawadzutsa amuna ake. Asanafike n'komwe pakhomo, anakumana ndi dokotala wamkulu.

"Mukufuna bala litseguke? Abwerere pabedi, asalawe kanthu!"

Masiku anayi onse zinali zomwezo: m'mawa ayende, masana agone.

"Make mwana, kodi mimbayi ndi yanga kapena yawo?" bambowo anafunsa, mawu akuthera kukhosi.

Lachisanu m'mawa madokotalawo analowa limodzi akuseka. Namwino anali asanawauze.

"Mayi, tinakhala pansi. Tagwirizana kuti aziyenda," anatero dokotala wamkuluyo.

Mayiyo anapitiriza kupinda bulangete la malemu.

"Kawauzeni nokha kumotchale. Ine ndatopa n'kuwadzutsa."