Dzuwa la Masekondi Makumi Anayi

Lachiwiri lililonse magetsi onse a m'mudzi mwathu amapita ku labotale ya kuseri kwa phiri, kumene akatswiri akuyesa kuyatsa kadzuwa kotsekeredwa ndi maginito. Lamulo limati tipirire, poti kakadzakhazikika magetsi sadzathimanso.

Mlamu wanga Esinala ndi injiniya kumeneko. Lachiwiri lapitali anafika pakhomo masana akuvina.

"Amayi, lero kadzuwa kaja kayaka masekondi makumi anayi. Kutentha kwake kuposa dzuwa lenileni."

Amayi anga, omwe ndi apongozi ake, ankasankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu.

"Masekondi makumi anayi. Nyemba zingapse?"

"Pakatha zaka khumi, amayi, dziko lonse lidzaphikira moto umenewo."

"Paja munateronso tsiku la chinkhoswe chanu."

Chitofu chamagetsi chinali zii, machesi atatha. Amayi anatola phale n'kumupatsa.

"Pitani kwa anansi athu a Nasibeko mukapale moto. Wawowo sunazime chiyambire Lamlungu."

Esinala anapita, baji ya ku labotale ili pachifuwa. Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, dzanja litatchinga mphepo, akuuzira khala la m'phalemo kuti lisazime.