Mabisiketi a Galu wa Madamu

"Wayambanso kudzikanda! Talandira, wamupatsa chiyani galu wanga?" anakalipa Mayi Msukwa, mwini loji ina ku Ngala.

"Mabisiketi omwe aja, madamu. Ufa wa chinangwa, usipa, mbatata ndi dzira. Chimanga kapena tirigu sindinaikemo, Mulungu mboni."

"Adokotala anati ziwirizo n'zimene zimamutulutsa zilonda. Ukapanda kupeza chalakwika pofika mawa, ntchito yatha."

Talandira anabwerera kukhitchini. Ntchito ikatha, alowera kuti ndi mwana? Anasefanso ufa, anakwecha thireyi ndi mchenga, ananunkhiza ngakhale mafuta, koma sanapeze kanthu.

Atasuzumira kuseri, anaona mwana wake Dailesi, wa zaka ziwiri, atakhala pafupi ndi mbale ya galu. Mwanayo anapatsa galu chigumu chake cha chimanga, iye n'kutola bisiketi n'kuyamba kukukuta. Galu anagwedeza mchira ngati kasitomala wakale.

Talandira anayang'anitsitsa masaya a mwanayo. N'chifukwa chake mwezi uno anesi kusikelo anamuyamikira koyamba kuti mwana wakwera! Koma akaulula, madamu amuletsa kubwera naye kuntchito, chonsecho kunyumba kulibe womusiyira.

"Wapeza?" anafunsa madamu ataima pakhomo.

"Vuto ndi kuchigayo, madamu. Chinangwa chimasakanikirana ndi chimanga cha amene agayitsa poyamba. Ndizisinja ndekha mumtondo." Kenaka analoza galu uja. "Koma galuyu waonda. Bwanji ndiziphika mabisiketi ochulukirapo?"

"Phika, mwanawe," anatero madamu. "Uziwonjezeranso mazira."