Mpando wa Pafupi ndi Ng'oma

"Mayi, lero mundiuze zoona," anatero mkulu wometa tsitsi atagwira mkazi wake pamkono. "Loweruka lililonse masana mumandikokera kuno ku bandi, ndipo mpando wanu ndi womwewu, pafupi ndi woimba ng'oma. Pali chiyani pakati pa inu ndi kamnyamata kameneka?"

Oimba anali atapumulako kaye. Wang'omayo ankapukuta thukuta, osadziwa kuti ali pa mlandu.

"Khalani pansi bambo, anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Ine si mwana. Kakangoyamba kuimba, nkhope yanu imawala ngati ya mtsikana. Ndikamakuuzani za msana wanga, za ana anu osayamikawa, za makasitomala akuba zipeso, inu mumangomwetulira."

Mayiyo anausa moyo. "Mnyamatayo ngakhale dzina lake sindilidziwa. Koma sabata yonse, malo amene sindikumvani ndi ano okha."

Mkuluyo atangotsegula pakamwa kuti ayankhe, ng'oma inayambiranso. Analankhula nyimbo yonse mpaka kutha, chala chili m'mwamba, mitsempha ya m'khosi itatupa. Mkazi wake ankamuyang'ana mwachikondi, akugwedeza mutu kuvomera zonse.